Makina Ochapira Zovala: Zimene Zimawaononga Msanga ndi Mmene Angasamalidwire

M'zaka zaposachedwapa makina ochapira zovala alowa m'gulu la katundu amene mabanja ena m'boma lino akugula akangolumikizidwa ku magetsi. Kale makinawa ankaoneka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mahotela a m'mizinda, koma lero akupezeka m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi ochita malonda, komanso m'malo ogona alendo a pa boma ndi m'misika imene ndondomeko ya MAREP yafikitsako mawaya. Eni ake akadali ochepa, poti kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi. Komabe ndalama zimene banja limataya pa makina amodzi si zamasewera. Makinawa, pamodzi ndi zipangizo zake zosinthira, amachokera kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera zedi. Makina akafa asanathe zaka zitatu, ndiye kuti zapita ndalama zimene zikanalipirira mwana fizi kapena kugula matumba a feteleza.

Makina ambiri safa ndi ukalamba. Anapangidwa poganizira nyumba imene magetsi ake sasinthasintha mphamvu, madzi ake ndi oyera ndiponso amatuluka mwamphamvu usana ndi usiku, ndipo pansi pake ndi posalala. Akafika kuno amakumana ndi zosiyana ndi zimenezi. N'chifukwa chake vuto limene limaoneka ngati la makina kawirikawiri limakhala litayambira kunja kwake: pa soketi, pa mpopi, kapena m'thumba la buluku limene silinapisidwe.

Munthu asanayambe kufufuza vuto ayenera kudziwa mtundu wa makina ake, poti ilipo itatu. Oyamba ndi a migolo iwiri, amene ogulitsa amawatchula kuti twin tub. Mgolo wina ndi wochapira, wina wofinyira, ndipo munthu amathira yekha madzi ndi ndowa kapena paipi n'kumasamutsa zovala ndi manja. Mulibe kompyuta kapena chotenthetsera madzi. Muli mamota awiri, lamba, kapasita ndi timawotchi tiwiri topotokola. Achiwiri ndi otsegula pamwamba amene amachita okha zonse, kuyambira kutunga madzi mpaka kufinya. Achitatu ndi otsegula kutsogolo, a chitseko chagalasi chozungulira. Amenewa amasunga madzi, poti malita 50 kapena 60 amawakwanira pa ulendo umodzi pamene otsegula pamwamba amatha kupitirira malita 100, koma ndi amenenso sachedwa kunyanyala zinthu zikangosokonekera pang'ono. Kwa banja limene limatunga madzi pa mjigo, kapena limene mpopi wake umatulutsa madzi usiku wokha, makina a migolo iwiri ndiwo oyenera, ngakhale kuti saoneka apamwamba pamaso pa alendo. Magetsi akazima ntchito ili mkati, zovala zimangovuulidwa n'kukamalizidwa m'beseni, ndipo mmisiri wa pa msika amatha kuwakonza popanda kuitanitsa chipangizo ku Johannesburg.

Magetsi

Magetsi a m'nyumba m'dziko muno ndi a ma volt 230, ndipo makina amapirira mphamvuyo ikakwera kapena kutsika pang'ono chabe. Ambiri mwa magetsiwa amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kugawidwa ndi ESCOM. Madzi akachepa mumtsinje, kapena malo opangira magetsi akaonongeka monga zinachitikira ku Kapichira namondwe wa Ana atawomba mu Januwale 2022, kuzimazima kumachuluka. Kuzima kwenikweniko sikupha makina. Choopsa ndi kamphindi kamene magetsi akubwerera, poti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo, ndipo choyamba kupsa ndi kabolodi kamene kamalamulira makina odzichitira okha. Kabolodi kameneka ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri m'makinamo, ndipo sikapezeka wamba. Choncho magetsi akazima, pulagi izulidwe, ndipo akayaka padutse mphindi zingapo isanabwezeredwe. N'chimodzimodzinso m'dzinja kukamachita ziphaliwali.

Mphamvu ikatsika pamakhalanso ngozi, ngakhale kuti ambiri saiganizira. Madzulo, nthawi imene nyumba zambiri zikuphika, mababu amatha kuyaka mofooka ngati nyali ya koloboyi. Mota ikamagwira ntchito pa mphamvu yochepa chonchi imakoka magetsi ochuluka kuti ikwanitse kuzungulira, imatentha, ndipo mawaya ake amkati amapsa pang'onopang'ono. Kuchapa m'mawa kapena masana n'kwabwino kuposa madzulo. Kachipangizo koteteza ku kusinthasintha kwa mphamvu, kofanana ndi kamene anthu amaika pa firiji, kamathandiza kwambiri chifukwa kamadula magetsi akakwera kapena akatsika mopitirira, n'kudikira kanthawi kasanawalole kudutsanso. Pogula pafunika kuonetsetsa kuti n'kokwana ma amp 13, poti tina timene timagulitsidwa ndi tochepa mphamvu.

Chifukwa chake n'chakuti makina otenthetsa madzi amakoka mawati pafupifupi 2,000, mofanana ndi ketulo yamagetsi. Mphamvu yotere siyenera kudutsa pa ekisitenshoni yotchipa ya mawaya opyapyala, imenenso palumikizidwa wailesi yakanema ndi matchaja a foni. Pulagi ikamatentha, ikasintha mtundu kapena ikamanunkha pulasitiki yopserera, moto uli pafupi. Makina akhale ndi soketi yawoyawo ya pakhoma, yotalikirana ndi pamene madzi angadonthere. Fyuzi ya m'pulagi, imene imakhala ya ma amp 13, ikapsa isinthidwe ndi inzake yofanana nayo. Kumangapo kawaya m'malo mwa fyuzi, monga ena amachitira, ndiko kuchotsa mlonda pakhomo.

Pali chizolowezi china chimene chiyenera kutheratu. Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira imene silowa m'masoketi a kuno. Ena amangodula pulagiyo n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi, n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Waya wachitatu, wa mtundu wobiriwira ndi wachikasu, amasiyidwa ukulendewera ngati wopanda ntchito, chonsecho ndi umene umapulumutsa moyo. Umenewu ndi waya wa ethi, umene umapititsa magetsi pansi ngati waya wina wakhudza thupi la makina. Popanda iwo, magetsiwo amadutsa mwa munthu amene waima pa simenti yonyowa alibe nsapato. Pulagi yoyenera ndi yotsika mtengo: waya wobiriwira ndi wachikasu umapita ku dzino lalitali lapamwamba, wofiirira kumbali kuli fyuzi, wabuluu kumbali inayo. Makina amene akugwira shoko, ngakhale kongonyerenyetsa chala, asagwiritsidwenso ntchito kufikira ataonedwa ndi mmisiri wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, chifukwa mwina vuto lili m'mawaya a nyumba yonse.

Pa nkhani ya mayunitsi, chimene chimadya magetsi ndi kutenthetsa madzi, osati kuzungulira kwa mgolo. Kuchapa ndi madzi ozizira sikufika ngakhale theka la yuniti, pamene kuchapa pa madigiri 60 kumatha kudya yuniti yathunthu. Zovala za tsiku ndi tsiku zimayera bwino ndi madzi ozizira, makamaka kuno kumene dzuwa limamaliza ntchito pa chingwe. Amene amadalira jenereta yaing'ono kapena sola adziwe kuti chotenthetsera chija chimaposa mphamvu ya zambiri mwa zipangizozi.

Madzi olowa

Makina odzichitira okha amatunga madzi kudzera pa kavavu kamene kamatseguka ndi magetsi, ndipo kuti madzi adutse bwino pamafunika mphamvu. Mabuku ambiri a malangizo amatchula theka la bar ngati mphamvu yochepetsetsa, kumene kuli kofanana ndi thanki imene ili mamita 5 pamwamba pa makinawo. Thanki yokwezedwa pa nsanja ya mamita 2 imathira madzi mochita kudontheza, makina amadikira mphindi zingapo, kenako amaima n'kuonetsa chizindikiro. Pa makina a LG pamalembedwa IE, pa a Samsung 4E kapena 4C. Zilembozi zimaopsa anthu ambiri, koma tanthauzo lake n'lakuti madzi sakufika basi.

Asanaitane mmisiri, mwini makina aone ngati mpopi watsegulidwa mokwanira ndiponso ngati paipi sinapindike kuseri. Zonsezi zikakhala bwino, atseke mpopi, amasule paipi pamene yalowera m'makina, ndipo apeza kasefa kakang'ono ngati chipewa cha chala. Kasefako kakokedwe mosamala ndi pulayala, katsukidwe ndi mswachi wakale n'kubwezeredwa. Ntchito imeneyi siposa mphindi khumi, koma ena amalipira ndalama zambiri kuti awachitire. Kuchotseratu kasefako kuti madzi azilowa msanga n'kulakwitsa, poti mchenga ukalowa m'vavu imalephera kutseka ndipo madzi amadonthera m'mgolo ngakhale makina atazimitsidwa. Madzi akabwera atasowa kwa masiku angapo, kapena mapaipi a mumsewu akangokonzedwa, oyamba amatuluka ndi matope. Ndi bwino kutsegula kaye mpopi wina mpaka madzi atayera.

Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina amakhala ndi miyala yosungunuka yambiri. Chizindikiro chake chili m'khitchini: ketulo imachita zoyera zolimba pansi pake, ndipo sopo sachita thovu msanga. Zoyera zomwezo zimamatirira pa chotenthetsera cha makina, chimalephera kutulutsa kutentha kwake m'madzi, mapeto ake chimapsa. Kumene madzi ali otere, kuchapa ndi madzi ozizira kumatalikitsa moyo wa makina, ndipo pakapita miyezi ingapo makina ayendetsedwe opanda zovala, ndi madzi otentha ndi mankhwala osungunula zoyerazo amene amagulitsidwa m'masitolo. Kumadera amene madzi a pansi ndi amchere, monga mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje, dzimbiri ndilo limafulumira, ndipo makina a thupi la pulasitiki amakhalitsa kuposa achitsulo.

Makina akanyanyala

Makina amene sakuyaka n'komwe amafuna kuyamba ndi zinthu zimene zimaoneka zachibwana. Mayunitsi alipo mu mita? Soketi ikugwira ntchito akalumikizapo chinthu china? Fyuzi ili bwino? Chitseko chatsekeka mpaka kumveka kuti khethe? Makina otsegula kutsogolo sayamba ngati loko wa chitseko sanagwire, ndipo kansalu kakang'ono kopanikizika pa labala n'kokwanira kulepheretsa. Ambiri alinso ndi batani loletsa ana kusokoneza, limene likadinidwa mwangozi mabatani ena onse amaoneka ngati afa.

Chitsekocho chili ndi khalidwe lina limene lathyoletsa zogwirira zambiri. Ntchito ikatha, loko amadikira mphindi imodzi kapena ziwiri asanamasuke. Wopupuluma amakoka mwamphamvu, chogwirira n'kutsalira m'manja. Magetsi akazima madzi ali m'kati, chitseko chisakakamizidwe. Madziwo ayambe atulutsidwa kudzera pansi, monga mmene zilili pa vuto lotsatirali.

Vuto limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti makina aima madzi ali tho, osatuluka. LG imalemba OE, Samsung 5E kapena 5C. Nthawi zambiri pampu imakhala ili bwinobwino koma sefa yake yatsekeka. Sefayi ili kutsogolo, pansi penipeni, kuseri kwa kachitseko kakang'ono, ndipo eni makina ena amatha zaka osadziwa kuti ilipo. Pulagi izulidwe kaye, ndipo ngati madziwo anali otentha adikiridwe kuti azizire. Pambali pa sefa pamakhala kapaipi kafupi kotseka ndi chivindikiro. Kamasulidwe kuti madzi atsikire m'beseni losaya, pang'onopang'ono, mpaka athe. Kenako sefa ipotokoledwe n'kutulutsidwa. Zimene zimapezekamo zimanena mbiri ya banja lonse: makobidi, mabatani, mapini, timalabala ta tsitsi, misomali, timitengo ta machesi, ngakhale sokosi ya khanda. Ndi chala munthu ayese kuzunguliza timapiko ta pampu mkatimo kuti aone ngati palibe ulusi umene watikulunga. Sefa ibwezeredwe molimba, apo ayi pansi padzadza madzi. Kuchita zimenezi kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, ndi kupisa m'matumba zovala zisanalowe, kumateteza pampu kuti isapse.

Paipi yotulutsa madzi ili ndi malamulo ake, ndipo amasiyana malinga ndi mtundu wa makina. Pa makina okhala ndi pampu, kumapeto kwa paipi kuyenera kukwezedwa masentimita pakati pa 60 ndi 100 kuchokera pansi. Ikagonekedwa pansi, madzi amatuluka okha pamene ena akulowa, makina amangotunga osadzadza, ndipo bilu ya madzi ndi imene imadzaulula. Makina ambiri a migolo iwiri alibe pampu, madzi amatsika okha, choncho paipi yake iyenera kugona pansi ndi kuloza kotsika.

Makina ovina ndi kuyenda pofinya amachititsa mantha, ndipo m'pomveka poti mgolo wa makina otsegula kutsogolo umazungulira maulendo 1,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Ngati ndi atsopano, choyamba kuona ndi mabauti atatu kapena anayi a kumbuyo amene amamanga mgolo kuti usagwedezeke paulendo. Amenewa ayenera kuchotsedwa makina asanayambe ntchito, ndipo asungidwe, chifukwa tsiku losamuka, makamaka pa misewu yafumbi ya mabampu, adzafunikanso. Ngati mabauti anachotsedwa, vuto lingakhale pansi. Makina aime pa simenti yolimba, miyendo yonse inayi itaponda. Miyendoyo imapotokoleka kuti italike kapena ifupike. Kuika makatoni kapena zidutswa za njerwa pansi pake kumangowonjezera kuvina.

Nthawi zina olakwa ndi zovala zomwe. Bulangete limodzi lonyowa limaunjikana mbali imodzi ya mgolo, ndipo makina amakana kufinya n'kulemba UE. Zitenje nazo, pokhala zazitali, zimapotana ndi malaya ndi mabuluku mpaka kupanga chimtolo chimodzi. Mankhwala ake ndi kuimitsa makina, kumasula mtolowo, kuyala zovala mofanana kuzungulira mgolo n'kuyambiranso. Koma phokoso likakhala lolira ngati chigayo, lokulirakulira mwezi ndi mwezi, ndipo likumveka ngakhale pozunguliza mgolo wopanda kanthu ndi dzanja, ndiye kuti mabering'i atha chifukwa madzi adutsa pa labala yowateteza. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, ndipo kuchedwa nayo kumaonongetsa chitsulo chimene chimagwira mgolo.

Makina a migolo iwiri ali ndi matenda awoawo. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, kawirikawiri yafooka ndi kapasita, kachipangizo kooneka ngati kachitini kamene kamaipatsa mphamvu yoyambira. N'kotsika mtengo poyerekeza ndi mota, koma kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho si kogwira munthu wosadziwa. Kusiya mota ikung'ung'udza kwa nthawi yaitali kumaipsereza. Mota ikamamveka kuti ikuzungulira koma chimbale chapansi pa mgolo chili chiimire, lamba wamasuka kapena waduka, kapena ulusi ndi kakobidi zalowa pansi pa chimbalecho. Mgolo wofinyira uli ndi buleki yolumikizidwa ku chivindikiro: chikatsegulidwa, mgolo uyenera kuima m'masekondi ochepa. Ukamapitirira kuzungulira, mbali imeneyo isagwiritsidwe ntchito mpaka itakonzedwa, poti dzanja lolowa mmenemo limathyoka. Kachivindikiro kapulasitiki kamene amakanikizira pamwamba pa zovala pofinya kasatayidwe, chifukwa ndi kamene kamaletsa sokosi kuulukira kunja kwa mgolo n'kukatseka njira ya madzi. Ndipo poti makinawa ndi otseguka pansi, makoswe amakonda kumangamo zisa ndi kutafuna mawaya, makamaka ngati aikidwa m'chipinda chimene mukusungidwanso chimanga.

Sopo, katundu ndi chisamaliro

Nambala ya makilogalamu yolembedwa pa makina imanena za zovala zouma, ndipo si chiitano chakuti munthu azikanikiza ndi bondo. Pamwamba pa zovala pazitsala mpata wokwana dzanja. Kudzazitsa kumatopetsa mota, lamba ndi mabering'i, ndipo zovala zimatuluka zosayera chifukwa zinalibe malo otembenukira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mabulangete akuluakulu amafuna kuchapidwa, ndi bwino kukumbukira kuti bulangete likamwa madzi limalemera kangapo kuposa lili louma. Makina a makilogalamu 6 kapena 7 si a ntchito imeneyo. Zovala zochokera kumunda zikutumulidwe ndi kutsukuluzidwa m'ndowa kaye, popeza mchenga umadya labala ndi kutseka mapaipi.

Mitundu iwiri ya zovala isalowe n'komwe. Zimene zanyowa ndi petulo, dizilo kapena parafini zingathe kuyambitsa moto. Zimene munthu anavala popopera mankhwala m'munda wa fodya, thonje kapena tomato zichapidwe pazokha m'beseni lakelake, kuti mankhwalawo asakafike pa zovala za ana.

Sopo waufa wochapira pamanja, amene ambiri amangomutchula kuti safu, anapangidwa kuti azichita thovu lambiri. M'makina a migolo iwiri alibe vuto. M'makina otsegula kutsogolo thovulo limalepheretsa zovala kugwa ndi kukhulana, limasokoneza kachipangizo koyeza madzi, ndipo limatha kusefukira mpaka pa mawaya. Amenewa amafuna sopo wolembedwa kuti automatic, pa muyezo umene uli pa paketi. Maganizo akuti sopo akachuluka zovala zimayera kwambiri ndi amene amabweretsa fungo: sopo wotsala amamatirira kuseri kwa mgolo, amasakanikirana ndi litsiro, ndipo nguwi imamera.

Fungo limeneli limapeweka mosavuta. Kuchapa kukatha, chitseko ndi kabokosi ka sopo zisiyidwe zotsegula pang'ono kuti mphepo ipite, ndipo labala ya pachitseko ipukutidwe mpaka m'makwinya mwake, mmene mumabisala madzi ndi makobidi. Kamodzi pa mwezi makina ayende opanda zovala pa madzi otentha. Amene akufuna kuthiramo jiki athire yekhayo. Jiki ndi viniga zikasakanizidwa zimatulutsa mpweya wa poizoni umene umapweteka mapapo. Pa makina otsegula pamwamba ndi a migolo iwiri, kathumba kogwira ulusi kakhuthulidwe nthawi iliyonse. Mpopi utsekedwe ntchito ikatha, chifukwa kumene madzi amabwera mwamphamvu usiku paipi yotopa imaphulika anthu ali m'tulo. Mapaipiwa ndi bwino kuwasintha pakatha zaka zisanu, kapena msanga akayamba kutupa ndi kung'aluka. Makina oikidwa pakhonde atetezedwe ku dzuwa, limene limaumitsa pulasitiki mpaka kuphwanyika, ndi ku mvula yowomba cham'mbali. Zonsezi azidziwe aliyense amene amagwira makinawo, kuphatikizapo wantchito wapakhomo, amene nthawi zambiri amapatsidwa ntchitoyi popanda womuonetsa, n'kudzadzudzulidwa zikaonongeka. Ana aang'ono asasiyidwe pafupi ndi mgolo wodzadza madzi.

Polekezera mwini makina

Kutsuka masefa, kusintha fyuzi, kuwongola paipi ndi kulinganiza miyendo ndi ntchito za mwini. Kutsegula thupi la makina ndi kwa mmisiri. Fungo la kupserera, utsi, buleka ya nyumba kugwa makina akangoyatsidwa, kapena madzi kudontha kuchokera pansi pakatikati, zonsezi zikutanthauza kuti pulagi izulidwe ndipo aitanidwe wodziwa. Mmisiri wabwino, kaya anaphunzira m'sukulu za ntchito zamanja zimene TEVETA imayang'anira kapena anaphunzira pa ntchito, amayeza asanasinthe kanthu, amanena mtengo ntchito isanayambe, ndipo amabweza kwa mwini chipangizo chakale chimene wachotsa. Pofunafuna chipangizo chatsopano, dzina la kampani lokha silikwanira. Pamafunika nambala ya mtundu wa makinawo, imene imalembedwa pa kachikwangwani kumbuyo kapena m'mphepete mwa chitseko, ndipo kuijambula pa foni kumapulumutsa ulendo wachabe wa ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu.

Makina atsopano amakhala ndi walanti, ndipo umboni wake ndi lisiti. Poti inki ya malisiti ambiri imafufutika pakapita miyezi, lijambulidwe tsiku lomwelo. Walanti imatha mphamvu makina akatsegulidwa ndi munthu amene wogulitsa sanamuvomereze, ndipo kawirikawiri sikhudza makina apanyumba amene akugwiritsidwa ntchito pa bizinesi, mfundo imene eni malo ogona alendo ndi ochapira anthu zovala ayenera kuifunsa asanalipire. Wogula amene wakanizidwa thandizo loyenera angathe kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission. Ogula makina akale obwera kuchokera kunja aumirire kuwaona akugwira ntchito ndi madzi, kuyambira kutunga mpaka kufinya, osati kungoyaka nyali. A ku Britain amagwirizana ndi magetsi ndi masoketi a kuno, koma a ku America anapangidwira ma volt 120 ndipo akalumikizidwa mwachindunji amapsa.

Kumene madzi akuda amapita

Nkhani ya makina ochapira imadutsa mpanda wa mwini wake pamene madzi atuluka m'paipi. Banja lochapa kanayi pa sabata ndi makina otsegula pamwamba limataya malita 400 kapena kuposa, ndipo m'malo ambiri okhala anthu m'boma lino mulibe mapaipi a zonyansa. Madzi amenewa akangolozetsedwa kumsewu kapena kuseri kwa nyumba ya mnansi amakumba ngalande, amafewetsa maziko a nyumba za zidina, amasiya zithaphwi zoswanirana udzudzu, ndipo amayambitsa milandu imene imathera kwa amfumu. Muli sopo, muli litsiro, ndipo ngati munachapidwa matewera kapena zofunda za wodwala m'mimba, mulinso tizilombo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unaonetsa mmene madzi oipa amafalitsira matenda mofulumira. Zovala za wodwala wotere ziviikidwe kaye m'madzi a kolorini monga alangizi a zaumoyo amaphunzitsira, zisanasakanizidwe ndi zina.

Njira yosavuta ndi dzenje lomwetsa madzi: lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, lodzazidwa ndi miyala ikuluikulu pansi ndi ing'onoing'ono pamwamba, lovindikiridwa bwino, paipi n'kulowa cham'mbali. Likumbidwe motalikirana ndi maziko a nyumba, ndiponso mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, kumunsi kwake osati kumtunda. Kumene dothi ndi lamakande ndipo silimwa madzi msanga, dzenjelo likhale lotambalala. Madzi otsukuluzira omaliza, amene sopo wake ndi wochepa, angathe kusungidwa m'ndowa n'kukolopera m'nyumba, kuthira m'chimbudzi chamadzi kapena kuthirira nthochi ndi mitengo, koma osati ndiwo zamasamba zodyedwa zosaphika. Amene akufuna malangizo a malo oyenera kukumba dzenjeli pa puloti yawo angafunse alangizi a zaumoyo a m'dera lawo kapena ku ofesi ya zaumoyo ndi ukhondo ya khonsolo.